Kodi akazi a m'mbiri yakale anasowera kuti?

Pakhala pakutuluka nkhani zimene zimasiya anthu kukamwa kuli yasa. Mu 2016 Mpingo wa Katolika unakweza tsiku lokumbukira Mariya wa ku Magadala, 22 Julayi, kuti lizilemekezedwa mofanana ndi masiku a atumwi, chikhalirecho ambirife tinakula tikumva kuti mayiyu anali woyendayenda amene anadzalapa. Chaka chomwecho, kenakonso mu 2020, Papa Francis anakhazikitsa makomiti oti aunike nkhani ya madikoni aakazi. Mu 2017 akatswiri a ku Sweden analengeza kuti mafupa a msilikali wina wotchuka wa mtundu wa Viking, ofukulidwa m'manda a ku Birka m'dzikomo, amene kwa zaka zoposa 100 mabuku ankamutchula kuti mwamuna, ndi a munthu wamkazi.

Wina akamva zotere amati, "Mwaonatu, ankatibisira." Mnzake amati, "Ayi, awa ndi anthu a masiku ano amene akukakamiza mbiri kuti inene zowakomera." Onse awiri ali ndi pogwira, chifukwa akazi akalewo sanasowe m'njira imodzi. Ena sanalembedwe n'komwe. Ena analembedwa kenako n'kufufutidwa. Ena dzina linasintha m'manja mwa okopera ndi omasulira. Ena alimo ndithu m'mabuku koma owerenga amangowadumpha. Njira iliyonse ili ndi umboni wake, ndipo umboniwo uli ndi pamene umalekezera.

Amene anagwira cholembera

Akatswiri a mbiri akamati umboni, amanena chilichonse chimene chatsala kuchokera m'nthawiyo: mabuku, makalata, mawu ogobedwa pa miyala, ndalama, manda, ngakhalenso nkhani zimene mibadwo yakhala ikusiyirana pakamwa. Vuto loyamba n'lakuti kulemba kunali kwa anthu ochepa. Mu ufumu wa Roma, akatswiri ambiri amayerekeza kuti odziwa kulemba sankapitirira mmodzi kapena awiri pa anthu khumi alionse, ndipo ochuluka mwa iwo anali amuna a m'mabanja opeza bwino. Iwo ankalemba zimene kwa iwo zinali nkhani: nkhondo, mafumu, misonkho, milandu. Kubereketsa, kuwomba nsalu, kufulula mowa ndi kusambitsa maliro zinali ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo za tsiku ndi tsiku palibe amene amaziwonongera inki.

Ku Athens kusatchula dzina la mkazi unali ulemu. Wolemba mbiri Thucydides akusimba kuti mtsogoleri wa mzindawo, Pericles, polankhula pa maliro a asilikali cha m'ma 430 BC, anauza akazi amasiye kuti ulemerero wawo waukulu ndi kusakambidwa pakati pa amuna, kaya pa zabwino kaya pa zoipa. M'makhoti a kumeneko mkazi waulemu wake ankangotchulidwa kuti mkazi wa uje kapena mwana wa uje. Otchulidwa mayina poyera nthawi zambiri anali amene anamwalira, a mbiri yoipa, kapena a mbali imene wolankhulayo akufuna kuinyoza.

Owerenga Baibulo zimenezi si zachilendo kwa iwo. Mateyu 14:21 amati amene anadya mkate anali amuna ngati 5,000, osawerengera akazi ndi ana. Mkazi wa Nowa, mkazi wa Loti, mwana wa Yefita, mpongozi wa Petro, mayi wa pachitsime ku Samariya, onsewa alibe mayina. Komabe Baibulo lomwelo nthawi zina limatembenuza zinthu. Chaputala choyamba cha Eksodo chimatchula azamba awiri, Sifra ndi Puwa, pamene Farao amene anawalamula kupha ana salitchula dzina lake.

Mkazi wamba amaoneka bwino pamene mapepala ake apulumuka mwangozi. Mu 1961 gulu la ofukula zakale lotsogoleredwa ndi Yigael Yadin linapeza thumba lachikopa m'phanga lina pafupi ndi Nyanja Yakufa. M'thumbamo munali zikalata 35 za mayi wachiyuda dzina lake Babatha, amene zikuoneka kuti anathawira m'phangamo pa nkhondo ya Ayuda ndi Aroma imene inayamba mu 132. Palibe buku la mbiri yakale limene limamutchula. Koma zikalatazo zikuonetsa mayi wa minda ya kanjedza, wokwatiwa kawiri, amene anabwereka mwamuna wake wachiwiri madinari 300, ndipo mwamunayo atamwalira iye anagwira minda yake kuti abweze zake. Anatengera kukhoti anthu oyang'anira chuma cha mwana wake wamasiye powaganizira kuti akumupatsa zochepa, anakokananso ndi mkazi mnzake wa pamitala, Miriam, pa nkhani ya katundu wa malemu. Chikalata china chimanena poyera kuti munthu wina anamusainira chifukwa iye sankadziwa kulemba. Kusadziwa kulembako sikunamuletse kusunga pepala lililonse, atalimanga bwinobwino.

Pali enanso amene mbiri yawo inalembedwa ndi adani awo. Kandake wotchulidwa pa Machitidwe 8:27 si dzina la munthu, ndi dzina laudindo la mafumu aakazi a ku Meroe, m'dziko limene lero ndi Sudan. Mmodzi wa iwo, amene akatswiri ambiri amati ndi Amanirenas, anamenyana ndi Aroma cha m'ma 25 mpaka 21 BC. Zambiri za nkhondoyi timazimva kwa Strabo, wolemba wa mbali ya Roma, amene anamufotokoza kuti anali mkazi wooneka ngati mwamuna, wa diso limodzi. Mu 1910 ofukula zakale anapeza mutu wa chiboliboli cha Augustus, mfumu ya Roma, utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi ku Meroe, pamalo poti aliyense wolowa aziuponda. Anthu a ku Meroe analemba mbali yawo pa miyala, koma ngakhale zilembo zawo zimawerengeka, chinenerocho mpaka pano chimamveka pang'ono chabe.

Kufufuta dala

Njira yachiwiri ndi yoonekeratu: munthu kutenga tchizulo n'kugoba dzina la mnzake pa mwala. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Hatshepsut wa ku Egypt. Mwamuna wake, Thutmose II, atamwalira cha m'ma 1479 BC, wolowa ufumu anali Thutmose III, mwana wa mkazi wina, ndipo anali wamng'ono kwambiri. Hatshepsut anayamba ngati womugwirizira mpando, koma pasanathe zaka zisanu ndi ziwiri anadzitcha Farao, n'kumalamulira limodzi ndi mwanayo mpaka cha m'ma 1458 BC. Anamanga kachisi wamkulu ku Deir el-Bahari, anatumiza zombo zamalonda ku dziko la Punt, anaimika zipilala zamwala ku Karnak, china chotalika pafupifupi mamita 30. Pa ziboliboli zambiri anasemedwa atavala ngati mfumu yachimuna, ndi ndevu zomangirira zomwe.

Iye atamwalira, zithunzi zake zinagobedwa pa makoma, ziboliboli zinaphwanyidwa n'kutayidwa m'maenje, ndipo pa mndandanda wa mafumu umene Seti I analembetsa ku Abydos dzina lake mulibe. Jean-François Champollion, amene anatulukira kawerengedwe ka zilembo za ku Egypt, atafika pa kachisi uja mu 1829 anasokonezeka kuona mfumu yandevu ikutchulidwa ndi mawu oyenera munthu wamkazi.

Pamene zidutswa za ziboliboli zija zinafukulidwa m'ma 1920, nkhani inafalikira yoti Thutmose III ankabwezera mayi womupeza amene anamulanda mpando. Inali nkhani yokoma kusimba, koma umboni unadzaivuta. Kugobako kunayamba patatha zaka pafupifupi 20 Hatshepsut atamwalira, ndipo munthu wa mkwiyo woterowo sangadikire chonchi. Ena tsopano amati mfumuyo inkakonzera njira mwana wake, Amenhotep II, kuti mzera wa ufumu uoneke wowongoka kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana. Mu 2025 wofufuza wina wa ku University of Toronto anaonetsa kuti ziboliboli zambiri zinathyoledwa m'khosi, m'chiuno ndi m'mawondo, monga ankachitira ndi za mafumu aamuna pofuna kuzichotsa mphamvu, ndipo zina zinawonongeka pambuyo pake pamene anthu ankazisandutsa miyala yomangira. Tikumbukirenso kuti pa mndandanda wa ku Abydos uja mulibenso Akhenaten ndi Tutankhamun, amene anali amuna. Kuti Hatshepsut anafufutidwa palibe akutsutsa. Chimene sichinathe n'chakuti ukazi wake unali gawo lalikulu bwanji la chifukwacho.

Mkazi wa mulungu

M'zipembedzo zambiri zakale munali udindo umene mwamuna sakanaugwira. Mkazi ankapatulidwa kuti akhale mkazi wa mulungu kapena wa mzimu. Sankakwatiwa monga akazi ena, ankakhala pa kachisi, ndipo chifukwa cha udindowo ankayang'anira minda, antchito ndi nsembe.

Cha m'ma 2300 BC mfumu Sargon ya ku Akkad inaika mwana wake wamkazi, Enheduanna, kukhala wansembe wamkulu wa Nanna, mulungu wa mwezi, mumzinda wa Ur, kumwera kwa dziko limene lero ndi Iraq. M'ma 1920 gulu la Leonard Woolley linafukula mwala woyera wozungulira, utasweka zidutswazidutswa. Mbali ina pali chithunzi cha mayi wovala mkanjo wa mizeremizere, ataima kumbuyo kwa mwamuna amene akuthira nsembe. Kuseri kuli dzina lake, ndi mawu akuti mkazi wa Nanna, mwana wa Sargon. Palinso ndakatulo zachipembedzo zimene zimatchula dzina lake, ndipo mu ina wolankhulayo akudandaula kuti munthu wina woukira, Lugal-Ane, wamuthamangitsa m'kachisi. N'chifukwa chake ambiri amamutcha mlembi woyamba padziko lonse wodziwika ndi dzina. Apa pali mtsutso: makope amene tili nawo analembedwa patatha zaka pafupifupi 500 iye atamwalira, ndiye akatswiri ena amati ndi alembi a pambuyo pake amene anapeka ndakatulozo m'dzina lake. Ngakhale zitakhala choncho, ndiye kuti dzina la mayiyu linali lolemera moti ana asukulu a ku Mesopotamia ankalikoperabe patatha zaka mazana asanu.

Ku Thebes ku Egypt kunali udindo wa Mkazi wa mulungu Amun. Mu 656 BC Farao Psamtik I anatumiza mwana wake Nitocris pa bwato kuti akaleredwe ndi amene anali pa udindowo n'kudzalowa m'malo mwake, ndipo imeneyi inali njira yogwirira chigawo chonse cha kumwera popanda nkhondo. Ku Roma kunali anamwali asanu ndi mmodzi osamalira moto wa mulungu wamkazi Vesta. Ankasankhidwa ali ndi zaka 6 mpaka 10 n'kutumikira zaka 30. Ankatha kukhala ndi chuma chawochawo popanda mwamuna wowayang'anira, ufulu umene akazi ambiri a ku Roma analibe. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: wopezeka kuti wagona ndi mwamuna ankakwiriridwa wamoyo.

Kwathu kuno udindo wotere suli wachilendo. Makewana, mayi wa ana, anali mutu wa kachisi wa mvula ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama. Malinga ndi zimene akuluakulu anafotokozera ofufuza, monga W. H. J. Rangeley amene analemba za kachisiyu mu 1952, Makewana anali wa pfuko la Banda, ankatengedwa kuti ndi mkazi wa Chisumphi, ndipo analibe mwamuna wa pabanja. Sankameta tsitsi, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti kutero n'kudula mvula. Ankatumikiridwa ndi akazi otchedwa Matsano, pamene maudindo ena anali a amuna, monga Kamundi, ndi Tsang'oma woyang'anira ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Makewana akamwalira, wolowa m'malo ankadziwika ndi kubwebweta. Mafumu ankatumiza mitulo ku Msinja popempha mvula, mpaka pamene nkhondo za m'zaka za m'ma 1800 zinapasula malowo. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, mkazi wa Mbona amatchedwa Salima. Pa ufumu wa Maravi, pambali pa Kalonga pankatchulidwa Nyangu, mayi wa mzera wa ufumu, ndi Mwali, mkazi wamkulu wochokera kwa a Banda.

Kufanana kumeneku sikukutanthauza kuti Achewa anatengera ku Egypt kapena ku Ur. Palibe umboni wa zimenezo. Kukungoonetsa kuti anthu otalikirana anafika pa ganizo lofanana. Ndipo kulikonseko, ulemu wa wansembe wamkazi sunkafikira akazi onse. Ku Athens mayi wina, Lysimache, anatumikira ngati wansembe wa mulungu wamkazi Athena zaka 64 n'kusemeredwa chiboliboli, mumzinda womwe uja umene mkazi sankavota.

M'manja mwa okopera ndi olalikira

Apa ndi pamene nkhani imafika m'matchalitchi mwathu, ndiye tiyende pang'onopang'ono.

Makina osindikizira asanabwere m'ma 1450, buku lililonse linkakoperedwa pamanja. Wokopera, womasulira ndi wolalikira aliyense ankafika pa mawuwo ali kale ndi maganizo a zimene n'zotheka ndi zosatheka. Pa Aroma 16:7 Paulo akupereka moni kwa anthu awiri, Androniko ndi Junia, amene anamangidwa naye limodzi, otchuka pakati pa atumwi, amene anakhulupirira Khristu iye asanatero. M'Chigiriki cha vesili, dzina lachikazi Junia ndi lachimuna Junias amalembedwa ndi zilembo zofanana. Chosiyanitsa ndi kachizindikiro kakang'ono pamwamba pa chilembo, ndipo makope akale kwambiri analibe tizizindikiro timeneti. Kwa zaka zoposa 1,000 pafupifupi onse olemba za vesili ankati ndi mkazi. John Chrysostom, mlaliki wotchuka wa cha m'ma 400, anachita kudabwa poyera ndi nzeru za mayi amene anayenera kutchedwa mtumwi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1200 ena anayamba kumuwerenga ngati mwamuna, ndipo Martin Luther anatero m'Chipangano Chatsopano chake cha Chijeremani cha mu 1522. Mu 1927 buku la Chipangano Chatsopano cha Chigiriki la Nestle, limene omasulira ambiri padziko amalitsatira, linaika kachizindikiro kachimuna, mpaka mu 1998 pamene kachikazi kanabwezeretsedwa. Chimene chinakhutiritsa ambiri ndi miyala ya pamanda: mumzinda wa Roma mokha dzina la Junia lapezeka maulendo oposa 250, pamene la Junias silinapezeke.

Lero ochepa okha ndi amene akunenabe kuti anali mwamuna. Mkangano wasamukira pa mawu otsatira. Ena amawerenga kuti awiriwa anali otchuka mwa atumwi, kutanthauza kuti nawonso anali atumwi. Ena amawerenga kuti anali odziwika bwino kwa atumwi. Palinso funso la zimene mawu akuti mtumwi akutanthauza pamenepa, popeza Paulo amawagwiritsanso ntchito pa anthu ena osakhala khumi ndi awiri aja.

Chaputala chomwecho chimayamba ndi Febe wa mpingo wa ku Kenkreya, amene ambiri amakhulupirira kuti ndiye ananyamula kalatayo kupita nayo ku Roma. Paulo akumutchula ndi mawu omwewo amene pa Afilipi 1:1 ndi 1 Timoteo 3 amanena za madikoni, koma Mabaibulo ambiri pa Febe anamasulira kuti mtumiki. Kuti madikoni aakazi analipo, umboni ndi wochuluka. Cha m'ma 112 bwanamkubwa wachiroma Pliny analembera mfumu Trajan kuti pofuna kudziwa za Akhristu anazunza akapolo awiri aakazi amene ankatchedwa atumiki a mpingo. Msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 unalamula kuti mkazi asaikidwe udikoni asanakwanitse zaka 40. Mu 535 mfumu Justinian inakhazikitsa kuti tchalitchi chachikulu cha ku Constantinople chizikhala ndi madikoni aakazi 40. Ntchito yawo yodziwika bwino inali kudzoza akazi pa ubatizo, umene unkachitika munthu atavula, ndi kuyendera akazi odwala m'nyumba zimene mwamuna sakanalowa. Kumadzulo kwa Ulaya misonkhano ya mabishopu, monga wa ku Orange mu 441 ndi wa ku Epaon mu 517, inaletsa udindowu. Ubatizo wa akuluakulu utachepa, udindowo unazilala ngakhale kummawa.

Choncho funso la makomiti a Papa aja silakuti analipo kapena ayi. Funso n'lakuti kusanjikidwa manja kwawo kunali kofanana ndi kwa madikoni aamuna kapena linali dalitso la mtundu wina. Amene amati n'kofanana amaloza mapemphero akale a mwambowo, amene amafanana kwambiri. Amene amati n'kosiyana amaloza ntchito zawo, zimene sizinali za paguwa, n'kukumbutsanso 1 Timoteo 2:12 ndi 1 Akorinto 14:34. Mbiri imatha kunena zimene zinkachitika. Zimene mpingo uyenera kuchita lero, mpingo uliwonse umaziweruza ndi chiphunzitso chake, n'chifukwa chake mipingo yowerenga mavesi omwewo imafika posiyana.

Mariya wa ku Magadala dzina lake silinasinthidwe, inasinthidwa ndi mbiri yake. Luka 8 amangoti Yesu anamutulutsa ziwanda zisanu ndi ziwiri, ndipo anali mmodzi wa akazi, pamodzi ndi Yohana ndi Suzana, amene ankathandiza gululo ndi chuma chawo. Mauthenga Abwino onse anayi amamuika pamanda m'mawa wa kuuka kwa Yesu. Palibe vesi lonena kuti anali wachiwerewere. Mu 591 Papa Gregory Woyamba analalikira kuti Mariyayu, mkazi wochimwa wopanda dzina wa pa Luka 7, ndi Mariya wa ku Betaniya, ndi munthu mmodzi. Cholinga chake chikuoneka kuti chinali kupereka chitsanzo cha kulapa, koma chithunzicho chinakhazikika kumadzulo kwa zaka pafupifupi 1,400, mpaka kalendala ya mpingo ya mu 1969 inawalekanitsa. Mipingo ya Orthodox ya kummawa sinawasakanizepo.

Kuwongola kotere kuli ndi ngozi yake: anthu amathamangira mbali inayo. Pali buku lakale lotchedwa Uthenga wa Mariya, limene kope lake linagulidwa ku Cairo mu 1896 n'kusindikizidwa mu 1955, m'mene Petro akukayikira zoti Yesu angaphunzitse mkazi zinthu zimene sanauze amuna. Bukuli linalembedwa m'zaka za m'ma 100, masamba ambiri anasowa, ndipo limatiuza zambiri za mikangano ya Akhristu a nthawi imeneyo kuposa za Mariya mwini wake. Mu 2012 katswiri wina wa ku Harvard anaonetsa kachidutswa ka gumbwa kokhala ndi mawu osonyeza ngati Yesu anali ndi mkazi. Nkhani inamveka dziko lonse. Pofika mu 2016 zinadziwika kuti kanali kopeka, ndipo katswiriyo anavomera kuti umboni ukuloza kumeneko. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye pali ena amene palibe anawagoba kapena kuwasintha. Pa 2 Mafumu 22, buku la chilamulo litapezeka m'kachisi m'masiku a mfumu Yosiya, mkulu wa ansembe Hilikiya ndi nduna za mfumu anapita kukafunsa mneneri wamkazi Hulida, ngakhale kuti Yeremiya anali atayamba kale kunenera. Nkhaniyi yakhala ilipo m'Baibulo lililonse. Dzifunseni kuti munaimva liti pa ulaliki.

Mafupa ndi katundu wa m'manda

Kale ofukula zakale akapeza lupanga m'manda ankalemba kuti mwamuna, akapeza mikanda ankalemba kuti mkazi. Manda a ku Birka aja anafukulidwa mu 1878 ndi Hjalmar Stolpe. Munali lupanga, nkhwangwa, mkondo, mivi, zishango ziwiri, mahatchi awiri ndi tizidutswa ta masewera a pabolodi, zonse za m'zaka za m'ma 900. DNA itaonetsa kuti mwini mandawo anali wamkazi, mafunso anabuka. Kodi mafupa sanasokonezeke m'nyumba yosungiramo? Ofufuzawo anayankha mu 2019 kuti ayi. Kodi kuikidwa ndi zida n'kukhala msilikali, poti mafupawo alibe zipsera za nkhondo? Limeneli ndi funso labwino, chifukwa wakufa sadziika yekha m'manda, ndipo zida zikhoza kuimira ulemu wa banja. Ofufuzawo anangokumbutsa kuti funsoli silinkafunsidwa nthawi yonse imene anthu ankati ndi mwamuna. Zofanana zinachitika ku Peru mu 2020, pamene munthu woikidwa ndi zida za ulenje zaka pafupifupi 9,000 zapitazo anapezeka kuti anali mtsikana wa zaka zosakwana 20.

Mbumba si ufumu wa akazi

Mu 1861 Johann Jakob Bachofen wa ku Switzerland analemba kuti kalekale anthu ankalamulidwa ndi akazi, amuna n'kudzalanda pambuyo pake. Ganizoli linapeza mphamvu mu 1961, pamene James Mellaart anafukula ku Çatalhöyük, m'dziko la Turkey, kachiboliboli ka mayi wonenepa atakhala pakati pa zilombo ziwiri zonga akambuku, m'mudzi wa zaka zoposa 8,000. Ambiri anati ameneyu ndi mulungu wamkazi wa anthu olamulidwa ndi akazi. Ofukula a pambuyo pake, motsogozedwa ndi Ian Hodder, anapeza kuti tiziboliboli tambiri ta pamalopo ndi ta nyama, ndipo amuna ndi akazi ankadya zofanana n'kuikidwa m'manda mofanana. Kenako mu 2025 kafukufuku wa DNA anaonetsa kuti anthu oikidwa pansi pa nyumba imodzi nthawi zambiri anali pachibale kudzera kwa amayi. Chaka chomwecho zotere zinapezekanso ku Dorset ku England, m'manda a zaka pafupifupi 2,000, kumene zikuoneka kuti amuna ndiwo ankasamukira kwa akazi awo.

Manyuzipepala ena anathamangira kulemba kuti akazi ndiwo ankalamulira. Munthu wokulira pa chikamwini sangapusitsike msanga chotero. Amadziwa kuti mwamuna akhoza kumanga nyumba kwa mkazi, ana n'kukhala a kuchikazi, munda n'kutsata mzera wa amayi, koma pa mlandu wolankhula ndi mwinimbumba, amene ndi malume. Amadziwanso kuti zimenezi sizitanthauza kuti amayi alibe mawu, poti posankha mfumu mawu a ntchembere zikuluzikulu salumphidwa. Mzera wa kuchikazi, malo okhala banja, ndi ulamuliro ndi zinthu zitatu zosiyana. DNA imaona ziwiri zoyambazo. Chachitatucho sichioneka m'mafupa.

Zimene sizinayankhidwe

Pafupifupi mayina onse amene tatchula ndi a ana a mafumu, ansembe ndi eni chuma. Akapolo awiri amene Pliny anawazunza aja sitiwadziwa mayina, ndipo akazi ambiri akale anali ngati iwowo. Kodi mbiri ya Hatshepsut imatiuza chiyani za mayi wotunga madzi mu Nile m'chaka chomwecho? Akatswiri sagwirizana ngati akazi otchukawa ndi chizindikiro cha ena ambiri amene anatayika, kapena analembedwa chifukwa choti anali osowa.

Sizinathenso za mayina a maudindo. Mwala wina wa ku Smyrna umatchula mayi wachiyuda, Rufina, kuti mkulu wa sunagoge. Kwa nthawi yaitali ankati linali dzina laulemu chabe, mwina lotengera kwa mwamuna wake, ngakhale kuti mwalawo sutchula mwamuna. Mu 1982 Bernadette Brooten anatsutsa zimenezi, koma mwala sunena zimene Rufina ankachita pa Sabata.

Palinso nkhani ya mbiri ya pakamwa. Zambiri zolembedwa za Makewana zinasonkhanitsidwa m'zaka za m'ma 1900, Msinja atapasuka kale, ndipo ofunsa ndi oyankha ambiri anali amuna. N'zovuta kusiyanitsa zimene zinali za m'nthawi ya mfumu Undi ya Achewa ndi zimene zinawonjezeka m'njira.

Funso lovuta kwambiri n'lakuti chinsinsi china anachisunga ndi akazi eni ake. Ku Athens kunali chikondwerero cha masiku atatu cha Thesmophoria, cholemekeza mulungu wamkazi Demeter, kumene mwamuna sankaloledwa kufika. Ku Roma kunali mwambo wa usiku wa mulungu wamkazi Bona Dea, umene mwamuna wina, Clodius, atauzembera atavala chachikazi mu 62 BC, unasanduka mlandu wogwedeza mzinda wonse. Zochepa zimene zinalembedwa za miyambo imeneyi analemba ndi amuna amene sanaione. Anamkungwi nawonso sanena pabwalo zonse za kutsimba. Ofufuza akukanganabe ngati ntchito yawo ndi kufukula zoterezi kuti zisatayike, kapena kuvomereza kuti eni ake anasankha kuti zisalembedwe.